Musanasamukire ku Lusaka: masiku a m'pasipoti, nyumba, madzi ndi kwacha inayo

Pali funso lomwe silitha m'magulu a WhatsApp a Amalawi okhala mu Lusaka. Wina ali ku Lilongwe kapena ku Kasungu, wamva kuti kwacha ya kuno ili ndi mphamvu, ndiye amalemba kuti: "Abale, poti Mmalawi safunika viza ku Zambia, ndingangobwera n'kuyamba ntchito?" Mayankho amabwera ambirimbiri, ena olondola, ena a m'maluwa.

Chomwe chimasokoneza n'chakuti Lusaka saoneka ngati kunja. Mukatsika basi pa Intercity, onyamula katundu akukuyankhulani Chinyanja, m'malesitilanti muli nsima, galimoto zikuyenda kumanzere, ndalama dzina lake ndi kwacha. Wopita ku Johannesburg amakonzeka chifukwa akudziwa kuti akupita kwa eni. Wobwera ku Lusaka nthawi zambiri amanyamuka ngati akupita ku Mchinji, ndipo mavuto ake amayambira pomwepo. Kuno n'kwa eni ndithu, kuli malamulo ake, ndipo mzindawu ndi waukulu: kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.2 miliyoni, pamene Lilongwe mu 2018 anali asanafike 1 miliyoni.

Masiku a m'pasipoti ndi a mlendo

Viza ndi chilolezo cholowera m'dziko. Pemiti ndi chiphaso chokulolani kukhala m'dzikomo pa chifukwa chodziwika, monga ntchito, sukulu kapena banja. N'zoona kuti Mmalawi safunika viza polowa mu Zambia, koma zimenezi zimangotanthauza kuti mwalandiridwa ngati mlendo. Kumudzi mlendo amapatsidwa mphasa ndi madzi osamba, munda sapatsidwa tsiku lomwelo. Wofuna munda amakaonekera kwa amfumu, ndipo pemiti ndiko kuonekera kwa amfumuko.

Pa chipata cha Mwami, chomwe kuyambira mu Disembala 2022 chimagwirira ntchito limodzi ndi cha Mchinji kuti wapaulendo aziima kamodzi, ofesala wa imigireshoni amadinda pasipoti n'kulemba masiku omwe wakupatsani. Musachoke pawindo musanawerenge. Mlendo wamba amaloledwa masiku 90 pa miyezi 12, kuwerenga kuchokera tsiku lomwe analowa koyamba, koma sikawirikawiri kupatsidwa onse nthawi imodzi. Ambiri amalemberedwa 30, ena ochepera, malinga ndi zomwe ayankha atafunsidwa za ulendo wawo. Wofuna kupitiriza amapita ku ofesi ya imigireshoni kukaonjezetsa masikuwo asanathe. Yemwe wanena kuti wabwera pa za bizinesi amapatsidwa masiku 30 okha pa miyezi 12.

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Amaganiza kuti masiku akatsala pang'ono kutha, kukagona ku Mchinji usiku umodzi n'kubwereranso kumayambitsa kuwerenga kwatsopano. Sizitero. Masiku onse omwe mwakhala m'dziko muno pa miyezi 12 ija amaphatikizidwa. Kapepala kowolokera malire komwe anthu a ku Mchinji amagwiritsa ntchito popita ku Chipata nakonso n'ka madera a m'malire, si kokhalira mu Lusaka, ndipo pa msewu wa Great East pali malodibuloko, kuphatikizapo ya pa mlatho wa Luangwa, pomwe apaulendo amatha kufunsidwa mapepala.

Mitundu ya mapemiti inaikidwa m'lamulo la Immigration and Deportation Act la 2010. Yomwe imakhudza anthu ambiri ndi Employment Permit, ya wolembedwa ntchito yopitirira miyezi 6. Amene amapempha ndi bwana wolemba ntchitoyo, osati inu, ndipo ndondomeko yake imafuna kuti mwini adikire ali kunja kwa dziko mpaka itavomerezedwa. Bwanayo amayenera kusonyeza kuti anafunafuna Mzambia woti agwire ntchitoyo n'kusowa. Boma limati izi n'zoteteza ntchito za nzika. Ofuna ntchito amaona kuti khomolo ndi lopapatiza. Zotsatira zake n'zakuti wa luso losowa amakhala ndi mwayi, pamene ntchito za m'nyumba, za m'dimba kapena zogulitsa m'shopu zimavuta kupezera pemiti. Pemitiyo imamangidwa ku kampani yomwe inapempha. Mukasintha ntchito osadziwitsa a imigireshoni, chiphaso chili m'thumba koma sichikukutetezani.

Wophunzira ku University of Zambia kapena ku koleji ina amafunika Study Permit, wokwatira kapena wokwatiwa ndi nzika ali ndi Spouse Permit, ndipo amalonda owoloka malire omwe ali m'bungwe lawo ali ndi Cross Border Permit.

Pali njira yachidule yomwe anthu amanong'onezana, ndipo ndiyenera kuitchula poyera. Chitupa cha unzika cha kuno chimatchedwa NRC, ndipo cha nzika n'chobiriwira. Popeza a Phiri, a Banda, a Mbewe ndi a Tembo ali mbali zonse ziwiri za malire, wina amauzidwa kuti apite kwa amalume ku Katete kapena ku Chadiza akamuimire umboni kuti anabadwira konko. Umenewo ndi mlandu, kwa wotenga ndi kwa woimira umboni. Umatha kuululika patapita zaka, munthu atamanga nyumba, ana ali pasukulu, ndipo mapeto ake ndi khoti ndi kuthamangitsidwa. Mlendo wokhala mwalamulo ali ndi chitupa chakechake: wochokera m'maiko a Commonwealth, monga Malawi, amapatsidwa chapinki.

Chifukwa chomwe nkhani ya mapepala yatenga malo chonchi n'chakuti zina zonse zimakoleka pomwepo. Banki imafuna pasipoti, pemiti ndi TPIN, yomwe ndi nambala ya okhoma msonkho yochokera ku Zambia Revenue Authority. Satifiketi ya ku Malawi imayamba yatsimikizidwa ndi Zambia Qualifications Authority, ndipo namwino, mphunzitsi kapena injiniya amalembetsanso ku bungwe la ntchito yake, monga Nursing and Midwifery Council of Zambia, Teaching Council of Zambia kapena Engineering Institution of Zambia. Nyamulani masatifiketi enieniwo, osati mafotokope okha, pamodzi ndi kalata ya apolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, kalata ya ukwati ndi zikalata zobadwira za ana. Kubwerera kukatenga pepala limodzi ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 700 kupita kokha.

Dzina limodzi, ndalama ziwiri

Kwacha ya Zambia imagawidwa m'mangwee 100, monga ya kwathu imagawidwira m'matambala. Pa 1 Januwale 2013 Bank of Zambia inachotsa maziro atatu pa ndalamayi, moti K5,000 yakale inasanduka K5, ndipo mu Malichi 2025 inatulutsa ndalama zatsopano zomwe zili ndi mapepala a K200 ndi K500. Kwacha imodzi ya kuno imagula makwacha a Malawi makumi angapo, ndipo kusiyanaku kunakula kwacha ya Malawi itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Vuto lake lili m'mutu. Munthu wozolowera kuti K500 ndi ya tomato amatulutsa K500 ya kuno mopanda kuwawa mtima, osazindikira kuti wapereka ndalama yaikulu. Masabata oyambirira, mtengo uliwonse muziutembenuza kaye. Mumvanso mawu akuti "pin", kutanthauza 1,000: lendi ya "3 pin" ndi K3,000. Koma mawuwa anayamba nthawi ya ndalama zakale, ndiye pali ena omwe amatchabe K5 kuti "5 pin". Pa nkhani ya lendi kapena malipiro, muuzeni munthuyo alembe nambala.

Kwacha ya Malawi njovuta kusintha mu Lusaka, choncho sinthani musanachoke kumalire kapena ku Chipata, ndipo njira yotetezeka ndi ya kubanki kapena kubyuro komwe amapereka lisiti. Osintha a pamsewu amapereka mtengo wokopa, koma ndi pomwenso anthu amapatsidwa mpukutu wopindidwa pakati, kapena wowerengedwa mwachangu basi ikuliza hutala.

Simu ya Airtel ya ku Malawi si ya Airtel ya kuno, ndipo Mpamba kuno kulibe. Makampani akuluakulu a foni ndi MTN, Airtel ndi Zamtel, nambala za dziko lino zimayamba ndi +260, ndipo simu iliyonse imalembetsedwa, mlendo pogwiritsa ntchito pasipoti. Lembetsani m'dzina lanu. Simu yogula yolembetsa kale, kapena ya m'dzina la mnzanu, imagwira ntchito bwinobwino mpaka tsiku lomwe foni yabedwa: ndalama zonse zili m'menemo, koma woti akabwezeretse nambalayo ndi mwini dzina. Mobile money kuno ndiyo thumba la anthu ambiri, yolipirira magetsi, madzi, lendi ndi takisi. Simu ya ku Malawi musaitaye ngati banki yanu ya kwathu imatumiza manambala achinsinsi pa iyo.

Nyumba: funsani za Febuluwale

Lusaka ali ndi madera a mipanda ndi mitengo monga Kabulonga, Woodlands, Rhodes Park ndi Roma. Apakatikati monga Kabwata, Libala, Chilenje, Chelstone ndi Kaunda Square. Ndiponso makomboni, komwe kumakhala anthu ochuluka zedi, monga Mtendere, Kalingalinga, Garden, Mandevu, Chaisa, Chawama ndi Kanyama. Komboni ndi ngati Kawale, Mtandire kapena Ndirande. Kuli komboni ina dzina lake Chipata, ndipo mlendo akamva kondakitala akukuwa dzinali asaganize kuti yapezeka basi yobwerera kum'mawa.

Eni nyumba ambiri amafuna lendi yolipiriratu, ena mwezi umodzi, ena miyezi itatu, kuphatikizapo dipoziti, yomwe ndi chikole chobwezedwa mukamatuluka ngati simunaononge kanthu. Tiyerekeze kuti lendi ndi K2,000: miyezi itatu ndi dipoziti ya mwezi umodzi ndi K8,000 musanagule ngakhale mphasa. Pamwamba pake pali ejenti, yemwe amalipiritsa kukuonetsani nyumba n'kufunanso yake mukaitenga. Chinyengo chofala ndi cha zithunzi za pa Facebook: nyumba yokongola, mtengo wotsika, ndi uthenga woti tumizani ndalama lero chifukwa ena akuifuna. Musalipire nyumba yomwe simunalowemo, ndipo oyandikana nawo akuuzeni kuti mwini wake ndani. Mgwirizano ulembedwe: lendi, tsiku lolipira, dipoziti, masiku odziwitsana musanatuluke, ndi yemwe akonze pampu kapena kupopa chimbudzi chikadzaza. Tsiku lolowa jambulani makoma, mawindo ndi nambala ya pa mita.

Koma funso lofunika koposa si la mtengo. Nyumba iliyonse imaoneka bwino mu Ogasiti. Lusaka anamangidwa pa malo athyathyathya, ndipo mbali ya kumwera ndi kumadzulo yakhala pa thanthwe la laimu lomwe lili pafupi ndi pamwamba, lodzaza ndi ming'alu. Mvula ikalimbikira mu Januwale ndi Febuluwale, madzi apansi amakwera, amvula amasowa kolowera, ndipo madera ngati Kanyama, Misisi, John Laing ndi mbali zina za Chawama amasanduka dambo. Poyendera nyumba yang'anani m'munsi mwa khoma: mzere wodera wofika m'mawondo, penti wosupuka pansi pokha, matumba a mchenga osiyidwa pakona, khonde lokwezedwa ndi njerwa pakhomo. Zimenezo zikunena zomwe ejenti sanena. Mayi wogulitsa tomato pafupi mukamufunsa kuti, "Amayi, nthawi ya mvula madzi amafika pati kuno?" adzakulozerani ndi dzanja.

Madzi ndi kolera

Ming'alu ya m'thanthwe ija ndi imene imagwirizanitsa chimbudzi ndi chitsime. M'dothi wamba, zonyansa za m'chimbudzi chokumba zimasefedwa pang'onopang'ono zisanapite patali. M'laimu zimadutsa ngati mu paipi. Madzi apansi akakwera, zimbudzi zimasefukira, ndipo zitsime zosazama za m'makomboni zimalandira zonsezo, madzi akuoneka oyera bwinobwino. N'chifukwa chake kolera imabwerabwera mu mzinda uno nthawi ya dzinja. Mliri womwe unayamba mu Okutobala 2023 unapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa chipatala mu Januwale 2024, ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka mu Febuluwale.

Madzi a m'mipopi amaperekedwa ndi Lusaka Water Supply and Sanitation Company. Ena amapopedwa kuchokera ku mtsinje wa Kafue, ena m'zitsime zakuya za mu mzinda momwemuno. M'makomboni ambiri anthu amagula pa kiyosiki ndi zigubu za malita 20, ndipo m'madera atsopano nyumba zambiri zimadalira dilawo yawoyawo ndi thanki pamwamba. Funsani kuti madzi amachokera kuti, amatuluka maola ati, ndipo bilu yake ili mu lendi kapena ayi. Ngati ndi dilawo, onani kutalikirana kwake ndi chimbudzi kapena dzenje la zonyansa, la pakhomopo ndi la oyandikana nawo. Mamita 30 ndiwo mulingo womwe azaumoyo amatchula, koma m'maploti ang'onoang'ono sukwanira kawirikawiri. Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira klorini, makamaka kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo m'nyumba musasowe mapaketi a ORS, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi. Munthu akayamba kutsegula m'mimba kwa madzi ngati otsukira mpunga, ayambe kumwa ORS ali pa ulendo wa kuchipatala, chifukwa kolera imaumitsa thupi m'maola ochepa.

Magetsi ndi mita yogawana

Amalawi kuzima kwa magetsi amakudziwa, koma gwero la kuno ndi lina. Magetsi ambiri a ZESCO, kampani ya magetsi ya kuno, amachokera ku madzi, makamaka ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Mvula ikavuta chaka chino, mdima umabwera miyezi yotsatira. Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza chilala kukhala ngozi ya dziko mu Febuluwale 2024, ndipo pofika kumapeto kwa chilimwe cha chakacho madera ambiri a Lusaka ankalandira magetsi maola pafupifupi 3 patsiku. Pa nyumba ya dilawo, magetsi akazima pampu imaima, thanki ikatha madzi atha. Choncho pofunsa za madzi funsaninso kukula kwa thanki ndi chiwerengero cha mabanja omwe amamwa pamenepo.

Mita ndi yolipiriratu monga ya ESCOM: mumagula pafoni, mumalandira manambala 20, mumalowetsa. Chosadziwika kwa ambiri n'chakuti mtengo wa yuniti umakwera ndi masitepe. Mayunitsi oyamba kugulidwa m'mwezi ndi otchipa, opitirira pamenepo amadula, ndipo kuwerengaku kumachitika pa mita, osati pa banja. Mabanja anayi akamagawana mita imodzi, gawo lotchipa limatha sabata yoyamba, ndiye wogula pa tsiku la 20 la mwezi amalandira mayunitsi ochepa kusiyana ndi wogula pa tsiku la 2, ndalama ili yofanana. Mikangano yambiri ya pa ploti yoti wina akuphika nyemba pa hotipuleti usiku imachokera apa. Nyumba ya mita yakeyake, ngakhale lendi itakwererapo pang'ono, nthawi zambiri imapulumutsa ndalama ndi ubale womwe.

Pophika, ambiri amasakaniza magetsi, gasi ndi mbaula. Makala kuno amati malasha. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira kwambiri, makamaka kwa wochokera ku Salima kapena ku Nsanje. Mbaula yoyaka isagone m'chipinda chotseka: utsi wake wosaoneka umapha anthu ali m'tulo.

Mabasi onse amapita m'tauni

Misewu ikuluikulu imachoka pakati pa mzinda ngati masipoko a njinga: Great East kum'mawa, Great North kumpoto, Kafue Road kumwera, Mumbwa Road kumadzulo. Maminibasi amatsata momwemo, ndipo pafupifupi onse amathera m'tauni, pa Kulima Tower, City Market, Lumumba kapena Millennium. Wokhala ku Chelstone n'kumagwira ntchito ku Makeni amakwera mabasi awiri kupita, awiri pobwera, ndipo nthawi zina amayenda wapansi kuchoka pa siteshoni ina kupita pa ina. Lendi yotchipa ya mbali ina ya mzinda imadyedwa ndi thiransipoti. Yambani mwadziwa komwe muzigwira ntchito, kenako funani nyumba pa msewu womwewo.

Basi imanyamuka ikadzaza, ndipo mitengo imasintha mafuta akasintha. Bungwe la Energy Regulation Board limaunika mtengo wa mafuta mwezi ndi mwezi. Funsani mtengo musanakwere, ndipo muzikhala ndi ndalama zing'onozing'ono. Kabaza sali pakona iliyonse ngati ku Lilongwe kapena ku Chipata. Takisi zoitanitsa pafoni, monga Yango, ndizo zimathandiza usiku, ndipo n'zomwe wofika kumene pa Intercity ndi zikwama ayenera kuganizira, chifukwa basi yochoka kumalire m'mawa, kudutsa Katete, Petauke, Nyimba ndi Chongwe, imafika dzuwa litapendeka kapena kutada.

Kumsika mudzamva, koma osati zonse

Ufa kuno anthu a m'tauni sapita nawo kuchigayo kawirikawiri, amagula wa m'matumba a makilogalamu 25 kapena 10. Pali breakfast, woyera ndi wosalala, ndi roller meal, wokhala ndi gaga pang'ono, woyandikira mgaiwa komanso wotsika mtengo. Timapaketi ta ufa wa tsiku limodzi timatchedwa pamela. Timapulumutsa pa tsiku lovuta, koma pa mwezi timadya ndalama zambiri kuposa thumba. Ndiwo zamasamba, tomato, anyezi ndi mbatata zimatchipa m'mamawa ku Soweto Market, komwe ogulitsa a m'makomboni amapikula.

Mayina ndiwo amasintha. Nkhwani ndi chibwabwa, kholowa ndi kalembula, bonongwe ndi bondwe, chigwada ndi katapa, ndiwo zotendera ndi ifisashi. M'malo mwa usipa mupeza kapenta wa ku Siavonga ndi wa ku Mpulungu. Kaunjika ndi salaula, kagolosale ka pakhomo ndi kantemba, chipereganyu ndi chilimba, ndipo katapira ndi kaloba, woluma chimodzimodzi.

Chinyanja cha mu Lusaka chinasakanikira ndi Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi. "Ndikufuna" ndi "nifuna", "tsopano" ndi "manje", "zinthu" ndi "vintu", "inu" ndi "imwe", ndipo ulemu womwe ife timaika pa "a" iwo amaika pa "ba": a Phiri ndi ba Phiri. Mawu oti muwasamale ndi "mailo", omwe amatanthauza dzulo komanso mawa. Chomwe chimasiyanitsa ndi mneni. Nthawi imatchulidwa mwa maola 24, moti wokuuzani kuti mukumane "15 hours" akunena 3 koloko masana. Chichewa chanu adzachimva, ena adzati n'chozama, cha kum'mawa kapena cha m'Baibulo, ndipo chimakudziwikitsani msanga kwa wogulitsa yemwe amakweza mtengo akaona mlendo. M'maofesi chilankhulo cha boma ndi Chingerezi, ndipo si aliyense mu Lusaka amene Chinyanja n'chake: kuli Abemba, Atonga, Alozi ndi ena ambiri, ndipo moni wa m'chilankhulo chawo amatsegula mitima.

Wosowa kwawo amapeza kwawoko Lamulungu. Mipingo ya Reformed Church in Zambia ndi CCAP imaimba nyimbo zambiri zomwe munthu wa ku Nkhoma amazidziwa pamtima, ndipo kumapeto kwa Ogasiti Achewa a maiko atatu amakumana ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi.

Malipiro, chipatala ndi sukulu

Malipiro omwe bwana watchula si omwe amafika m'manja. NAPSA, thumba la penshoni, imadula 5 peresenti, bwana n'kuonjezera 5 ina. NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma, imadula 1 peresenti, bwananso 1. Kenako msonkho: mu 2024, K5,100 yoyamba pamwezi sinkadulidwa msonkho, ndipo gawo lotsatira linkadulidwa 20 peresenti. Wolandira K6,000 chaka chimenecho ankachotsedwa K300, K60 ndi K180, n'kutsala ndi K5,460. Pokambirana za ntchito funsani ngati nambala yomwe yatchulidwa ndi ya asanadule kapena atadula, ndipo muziona ngati ndalama za NAPSA zikufikadi m'dzina lanu.

Kuchipatala mumayambira pa kiliniki ya m'dera lanu. Pamwamba pake pali zipatala za ku Chawama, Chilenje, Chipata, Kanyama ndi Matero, ndipo ku University Teaching Hospital kapena ku Levy Mwanawasa mumapita ndi kalata yotumizidwa, kupatula pangozi. Amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya ma ARV, a shuga, a BP kapena a TB, atenge kalata yosamutsira ku chipatala chake ndi mankhwala okwanira miyezi ingapo, kuti kulembetsa kwa kuno kusawadukize. Buku la kuchipatala ndi makadi a sikelo a ana zikhale m'chikwama cha m'manja.

Chaka cha sukulu kuno chimayamba mu Januwale, pamene kwathu chimayamba mu Seputembala, choncho mwana wosamuka pakati amadikira kapena kubwereza miyezi ingapo. Boma linachotsa fizi m'sukulu zake mu 2022, zomwe zinadzazitsa makalasi, ndiye malo amafunika kufunsiratu, muli ndi malipoti a mwana ndi kalata yochokera kusukulu yakale.

Za tsiku lomwe sitilifuna

Nkhani ya maliro anthu amaizemba, koma ndi imene imasautsa kwambiri Amalawi a kuno. Kunyamula thupi kupita nalo kumudzi kumafuna kalata ya imfa, kalata ya okonza thupi, zilolezo zotulutsira thupi m'dziko, ndi galimoto yoyenda tsiku lathunthu. Ngati malemu anali ndi mapepala osokonekera, kapena dzina la pa chitupa likusiyana ndi la pa pasipoti, thupi limakhalitsa ku mochale abale akuthamangathamanga, bilu ikukwera. N'chifukwa chake magulu a anthu ochokera boma limodzi kapena mpingo umodzi amasonkha mwezi ndi mwezi, ndipo wofika kumene amachita bwino kulowa nawo asanaone vuto. Kadziwikitseni ku ofesi ya kazembe wa Malawi mu Lusaka, yomwenso imathandiza pasipoti ikatayika. Fotokope ya pasipoti ndi pemiti, pamodzi ndi nambala za abale awiri a kumudzi, muzisiye kwa munthu mmodzi wodalirika yemwe simugona naye nyumba imodzi.